Mmene Ndinakanira Kupereka Esinati

Ndisananene kalikonse ndiyambe ndatchula mboni, chifukwa pali anthu amene amati ine ndikamakamba nkhani ndimathira mchere wambiri kuposa ndiwo. Mboni yoyamba ndi Dorika wa ku Chipata, amene ndinagwira naye ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Hull ku England. Alipo mpaka lero, ndipo munthu ameneyu sanama ngakhale adokotala atamufunsa kulemera kwake. Yachiwiri ndi Mayi Magireti, mzungu wachikulire wa m'chipinda cha kumapeto, koma iwowa anamwalira, ndiye mudzawafunsa mukadzafika. Yachitatu ndi maondo angawa, amene mpaka pano amanjenjemera okha ndikangomva munthu akuitana kuti "ankhoswe". Zonse zili m'munsimu n'zoona. Pamene muone ngati ndawonjezera, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachepetsa.

Ndinachoka kwathu ku Ntcheu ndi sutikesi imodzi, viza ya ntchito, ndi malangizo a abale okwana kudzaza lole. Amayi anati ndisakadye nyama yosaidziwa. Achimwene anati ndikangotsika ndege ndikawatumizire foni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za mphepo. Mphepo ya ku Hull imachokera kunyanja ndipo ili ndi chifukwa ndi munthu aliyense. Tsiku loyamba inandilanda ambulera, ndinakaiona patapita sabata ili m'manja mwa mayi wina mumzinda wakutali wa Rotherham. Ndikulumbira.

Amene anandipulumutsa ndi Esinati, mtsikana wa ku Mchinji, yemwe anali atakhalako chaka ine ndisanafike. Anandipeza pasiteji ya basi nditauma gwa, nditavala juzi limene ku Ntcheu ankati ndi lotentha. Anandiyang'ana kumapazi mpaka kumutu.

"Asisi, mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzafa?"

Anavula jekete lake n'kundiveka, iye n'kuyenda manja ali m'khwapa. Kuyambira pamenepo tinakhala chipinda chimodzi, pamwamba penipeni pa nyumba ya anthu asanu ndi awiri, pamene denga linali lofupika moti pemphero la m'mawa tinkachita chowerama ngakhale tisakufuna kudzichepetsa. Anandiphunzitsa kudzutsa nkhalamba pabedi osathyoka msana. Anandiphunzitsa kuti manijala akamamwetulira kwambiri ndiye kuti pali shifiti ya Lamlungu. Ankandiluka tsitsi, ine n'kumamudula zikhadabo zakumapazi, tikamatumiza kangachepe kumudzi tinkapita limodzi. Mchemwali wobadwa naye ndilibe. Ndinali ndi Esinati.

Kenako kunabwera amuna ake, a Lakisoni, ndipo banjalo linapeza kanyumba kawo. Viza ya a Lakisoni inali yodalira ya mkazi, kutanthauza kuti kukhala kwawo m'dzikomo kunali pa dzina la Esinati. Kumudzi anali ahedi a pasukulu, anthu akumawavulira chipewa. Ku Hull ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, akulamulidwa ndi mnyamata woti akanakhala m'kalasi mwawo.

Chinkhoswe chawo chinachitikira ku Mchinji, ndipo nkhoswe wa Esinati anali atsibweni ake a Zuze, amene kuti foni yawo igwire amachita kukwera pachulu. Akuluakulu a mpingo wathu wa Amalawi anati banja lopanda ankhoswe apafupi lili ngati nyumba yopanda chitseko. A Mwale, mkulu wa mpingo, anaimira mwamuna. Kumbali ya mkazi anasankha ine. Pamwambo, akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi msoti. Ife tinagula nkhuku ziwiri zamufiriji, zopanda mitu, ndipo a Mwale anatha theka la ola akuzitembenuza kuti adziwe kuti tambala ndi uti. Dorika analipo. Tinaseka mpaka misozi, ine n'kumadzimva kuti ndakula.

Ulendo woyamba Esinati anabwera kuntchito mlomo uli tupu. Anati chitseko cha kabati. Ulendo wachiwiri anagogoda kuchipinda kwanga atanyamula chikwama. Ndinachita zimene nkhoswe amachita. Ndinaitana a Mwale, tinawakhazika pansi awiriwo, a Lakisoni anati, "Amenewa amandiderera chifukwa viza ndi yawo," kenako anapepesa. Ine ndinatulutsa mawu a azakhali anga amene sindinkadziwa kuti ndinawasunga pakhosi: "Banja ndi kupirira, mng'ono wanga." Ndinamugwira dzanja n'kumupereka. Chikwama ndinamunyamulira ndekha mpaka pakhomo pawo. Lamlungu lake amayi a kumpingo anandizungulira kuti ankhoswe anzeru ndi awa. Ndinene zoona, zinandikomera.

Tsopano za Mayi Magireti. Anali mphunzitsi, ndipo ali mtsikana anakaphunzitsako ku Texas. Maso anali atatha, koma lilime linali la zaka makumi awiri. M'chipinda mwawo munali mabuku ambiri moti kuti ufike pabedi unkachita kupempha njira. Tsiku lina nditawadyetsa chamasana anandigwira malaya.

"Iwe, mawu ako ali ngati wailesi yotha mabatire, koma ena onse muno amawerenga ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Tenga buku ilo."

Ndi mmene ndinadziwira mabuku a amayi obadwira ku America koma makolo awo ochokera ku Mexico. Mayi Magireti anati amayiwa amadzitcha Achikana. Poyamba ndinkawerenga kuti nthawi ipite, mawu a Chisipanishi ndikuwathyola miyendo, agogowo akumenya ndodo pansi. Koma sabata isanathe ndinayamba kuwakayikira alembiwo kuti anakhalapo ku Ntcheu. Anthu ake amadya chimanga m'mawa, masana ndi madzulo. Amayi awo kolona sachoka m'manja, koma akamakalipa nyumba imagwedezeka. Ku America amawauza kuti bwererani kwanu, akapita ku Mexico amawaseka kuti chilankhulo chawo n'chopindika, ndendende ana a Dorika amene amamva Chinyanja n'kuyankha Chingerezi. Ndipo amalemba mosakaniza zilankhulo ziwiri osapepesa aliyense, monga timayankhulira ife m'basi.

Chimene chinandigwira kwambiri n'china. M'mabuku amene ndinawerenga kusukulu, mkazi ankalowa kudzapereka madzi osamba m'manja n'kutuluka, amuna n'kupitiriza nkhani. Umu zinali zotembenuka. Mwamuna ankalowa, kufunsa kuti malaya anga ali kuti, n'kutuluka, nkhani yeniyeni n'kupitirira pakati pa amayi awiri akuchapa kapena akusenda anyezi. Sindinkadziwa kuti macheza ngati anga ndi Esinati, a tsitsi ndi zikhadabo, munthu angawalembe m'buku lokhala ndi chikuto cholimba. Ndinayamba kumadya mofulumira kuti nthawi yowerenga ichuluke. Tsiku lina ndinameza sangweji yonse osatafuna, inakatsegukira m'mimba ngati ambulera.

Pobwerera kunyumba masana, ine, Esinati ndi Dorika tinkakhala mipando ya kumbuyo m'basi, ndipo ndinkawafotokozera zimene ndawerenga tsikulo. Nkhani ndinkaisamutsa, Texas n'kukhala Mchinji, mtsinje wa m'malire n'kukhala Bua. Dorika anaitcha wailesi ya m'basi. Dalaivala wina anaphonya siteji kawiri chifukwa chomvetsera, chonsecho Chichewa sankachimva.

Ndiye tinafika pa buku lina laling'ono, lachikuto chobiriwira. Linali la amayi awiri ogwira ntchito pafakitale yoika tsabola m'zitini. Mmodzi anaimirira mwana wa mnzake paubatizo, ndipo kwawoko mayi wotere amamutcha komadire, ngati kunena kuti mayi mnzanga, ubale wolemera kuposa wamagazi. Mwamuna wa mnzakeyo anali wa dzanja lolemera. Mnzakeyo akathawira kwa komadire, komadire ankamuthowa mabala, kumuyatsira kandulo pamaso pa chithunzi cha Maria, kumuuza kuti mtanda aliyense ali ndi wake, kenako n'kumuperekeza kwa mwamuna. Chikwama ankamunyamulira yekha.

Nditafika pa chikwamapo ndinasiya kuwerenga.

"Wasiyiranji?" anatero Mayi Magireti.

"Magalasi, mayi."

"Suvala magalasi."

"Ndiye vuto lakelo. Kodi zimatha bwanji?"

"Ine ndadikira zaka makumi asanu ndi atatu kuti ndione mathero anga. Iwe ungalephere masamba makumi anayi?"

Ndinalephera. Bukulo ndinalitsekera m'kabati yanga ya kuntchito n'kumaliopa ngati muli mphiri. Sabata yonse ndinkawauza agogowo kuti lasowa, n'kumawawerengera pepala la zakudya, iwo n'kumandilonjeza kuti akafa adzayamba kuzukira ine. Ndinayamba kumuyang'ana Esinati monga ndinali ndisanamuyang'anepo. M'nyumba ya okalamba mumatentha moti batala amasungunuka ali m'firiji, koma iye sankapinda manja a juzi. Akachedwa mphindi zisanu, ndinkakaima pakhomo kumudikira. Foni ikalira ndinkayamba ndapemphera ndisanaone kuti ndani. Ndinaonda moti yunifolomu inkafika kuntchito ine ndisanafike.

Lachinayi lina Dorika anati wailesi yazima masiku ambiri, itsegulidwe. Ndinawafotokozera za amayi a tsabola aja, koma ndinawasandutsa osankha fodya pa esiteti. Pofika pamene ndinalekera kuwerenga, ndinapeka mathero anga: mwamuna uja analapa, anasiya mowa, anakhala woimbitsa kwaya.

"Imwe, iyo ni boza," anatero Dorika. "Mwamuna wa so? Kwaya ya kuti?"

"Zinalembedwa choncho. Ndikulumbira."

Esinati ankayang'ana pawindo. Anayankhula osatembenuka.

"Mwamunayo ndi mwamuna, timawadziwa. Amene akundinyansa ine ndi mnzakeyo. Amaona zonse. Mabala amathowa yekha. Kungoti zimamukomera anthu akamati ndi mayi wanzeru."

Basi inaima pasiteji yake. Anadzuka, anakonza chikwama paphewa.

"Tionana mawa, ankhoswe."

Tikakhala patokha anali asanandiitanepo choncho. Nthawi zonse ndinali asisi.

M'mawa mwake pa nthawi yopuma ndinatenga bukulo n'kukadzitsekera m'chimbudzi cha antchito. Ndinawerenga masamba onse makumi anayi nditakhala pachivundikiro. Sindikuuzani zonse. Ndingoti pamapeto komadire uja anatumidwa kukasankhira mnzake diresi, ndipo silinali la ukwati. Wolembayo sanamukalipire komadire ngakhale mzere umodzi. Anangomuonetsa ataima kutsogolo kwa kabati, akudziwa bwinobwino diresi limene mnzake ankalikonda, poti ankadziwa zonse za iye. Bola akanamutukwana, ndikanapeza pomuikira kumbuyo.

Nditakabweza bukulo, Mayi Magireti anamva mphuno zanga.

"Walira?"

"Chimfine, mayi."

"Mtsikana amene analemba bukulo sanavutike zaka zonsezo kuti iwe udwale chimfine. Nditembenuze, msana wandipweteka."

Loweruka m'mawa Esinati anagogoda pachitseko changa, dzanja lamanja lili m'chikhakha. Kuchipatala anawauza kuti anagwa pamasitepe. Nyumba yawo inalibe masitepe. Sindinafunse kanthu, ndinamugoneka pabedi langa. Dzuwa lisanapendeke Mayi Mwale, akazi a mkulu wa mpingo uja, anali ataimba kale foni.

"Ankhoswe, mawa tikaweruka kutchalitchi tikumane kwathu, tikonze zinthu. Mukudziwa inu kuti awiriwa akalekana, alamu anu viza yawo yathera pomwepo? Munthu anasiya uhedi. Abwerere kumudzi chimanjamanja chifukwa cha kukangana kwa m'nyumba?"

Amene sanakhaleko kunja sangamvetse chimene ndinkaopa. Kumeneko mpingo ndiwo mudzi wako. Ndiwo umakupezera chipinda eni nyumba akakutulutsa, ndiwo umakuonetsa ntchito ina kontirakiti ikatha, ndipo ukafa ndiwo umasonkherana kuti mtembo wako ukagone kwanu. Kudana ndi a Mwale kunali kusankha kudzaikidwa ku Hull, pamphepo ija, mpaka tsiku lachiweruzo.

Lamlungu masana tinafika. Kwa Mayi Mwale nsapato zimavulidwa pakhomo, chifukwa kapeti wawo amamusamala kuposa mwana woyamba. Pabalaza panali a Mwale ndi akazi awo, a Lakisoni atavala suti, ndi foni itatsamira mbale ya shuga, mmene munali atsibweni a Zuze ali pachulu ku Mchinji, mbuzi ikudutsa kumbuyo kwawo. Dorika anabwera ngati wotiperekeza, anakhala pafupi ndi chitseko.

A Lakisoni anapepesa bwino kwambiri. Munthu wophunzitsa ndi wophunzitsa. Anatchula Satana, anatchula kuzizira, anatchula makatoni, misozi inatsika mbali zonse ziwiri mofanana. Ndikanakhala kuti sindinaone chikhakhacho ndikanawapepesa ndine. A Mwale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto uwu wazima. A Zuze anakuwa kuchokera pachulu kuti kwawo kulibe mbiri yothetsa mabanja.

Kenako onse anayang'ana ine. Mwambo wake ndi wakuti nkhoswe wa mkazi amadzuka, kugwira mkaziyo dzanja lamanja, kuliika m'manja mwa nkhoswe wa mwamuna n'kunena kuti nayu mkazi wanu. Popanda zimenezo mkazi sanabwerere, ngakhale atalowa m'nyumba. Ndinadzuka. Maondo ankagundana mokweza moti Mayi Mwale anapita kukaona ngati kuli munthu pakhomo. Ndinayang'ana dzanja loti ndiligwirelo. Zala zokha ndi zimene zinkaoneka, zotupa, zikusuzumira m'chikhakha.

"Sindipereka," ndinatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye, moti a Mwale anaika dzanja kukhutu.

"Mwati bwanji, ankhoswe?"

"Ndati sindipereka, bambo. Ndinapereka kale ali ndi manja awiri. Mwandibwezera ali ndi limodzi."

"Mlamu," anatero a Lakisoni, misozi itauma nthawi yomweyo, "mukudziwa chimene mukundichita?"

"Ndikudziwa, alamu. Sindinagone nacho tulo."

"Nkhoswe amamanga, saphwasula!" anakuwa a Zuze. "Kodi mayi ameneyu ndi wa kwa yani? Ndani anamu..." Netiweki inathera pomwepo, nkhope yawo inauma kukamwa kuli yasa, ndipo inakhala choncho mpaka tinatuluka.

Mawu amodziwo anandidyera zambiri. Mpando wanga wa kwaya unapatsidwa wina. A Lakisoni anabwereradi kumudzi, ndipo nditapita ku Malawi patatha zaka ndinapeza nkhani itafika kale ku Ntcheu, itanenepa m'njira: amati ndinamenya mkulu wa mpingo ndi buku la azungu mpaka kukomoka. Amayi anga anandilandira ndi manja awiri, koma alamu anga aakazi akamakangana ndi achimwene ankayamba atseka mawindo kuti ndisamve. Koma zonsezo zinali m'tsogolo. Tsikulo chimene ndinkaopa chinali chimodzi: kuti Esinati adzuka yekha n'kupita kukakhala pafupi ndi amuna ake, monga ndinamuphunzitsira ine.

A Mwale nawo anaganiza zomwezo. Anandisiya ine chiimire n'kutembenukira kwa iye, mawu atawafewetsa.

"Mayi, awa atopa ndi mashifiti. Nenani nokha. Mukubwerera kunyumba kwanu, si choncho?"

Esinati anatsetsereka pampando n'kugwada pakapeti, mwaulemu wonse wa mwana woleredwa bwino, maso pansi. Mtima wanga unaima. Dorika akuti anaumva ukuima.

"Bambo," anatero Esinati, "ine anandilangiza kuti mkazi satsutsa ankhoswe ake. Mmene anenera asisimu, ine ndilibe mawu ena."

A Mwale anatembenuka. Anayang'ana foni, koma a Zuze anali chiyasamire.

Tinatuluka pabalaza. Pakhomo ndinavala nsapato zanga mosemphanitsa, ndipo ndinazindikira titafika kunyumba. Esinati anaponda m'nsapato zake zakuntchito, koma zingwe sakanatha kumanga ndi dzanja limodzi. A Lakisoni anali atatitsatira, ataima m'kanjira kopapatiza pakati pa ife ndi chitseko, akupumira m'mwamba. Ndinagwada pamapazi a Esinati, msana wanga uli kwa iwo. Ndinafulumira moti mfundo yoyamba inamasuka, yachiwiri ndinamangirira chala changa chomwe. Ndinkamva mpweya wawo pamwamba pa mutu wanga.

"Osathamanga, asisi," anatero Esinati. "Mangani zolimba."

Ndinamanga nsapato yoyamba, ndinamanga yachiwiri, ndinadzuka. Dorika anatambasula dzanja kudutsa paphewa pa a Lakisoni n'kutsegula chitseko.

"Pepani alamu," anatero. "Tipiteko."

A Lakisoni anapatuka.